Dave Brandon atachoka ku Michigan, masapota ankakondwera ndi chiyani kwenikweni?

Kondwani: Akuluakulu, tithandizeni inu amene masewero a m'mayunivesite a ku America mumawadziwa bwino. Pa 31 Okutobala 2014 Dave Brandon anatula pansi udindo wake wa mkulu wa zamasewero pa University of Michigan, ndipo masapota a Wolverines, dzina la matimu a pasukulupo, anachita kukondwera poyera. Chikundizunguza n'chakuti bamboyu sanali kochi. Kochi wa timu ya mpira wa ku America (American football) anali Brady Hoke, ndipo iye anakhalabe pa ntchito mwezi wina wathunthu. Timu ikamagonja, woyamba kulozedwa chala amakhala kochi. Nanga zinatheka bwanji kuti ophunzira achite kuguba pofuna kuti achoke munthu wa mu ofesi?

aPhiri: Achimwene, tiyambe ndi udindowo. Kumeneko amangoti AD, chidule cha Athletic Director. Iyeyu sasankha osewera olowa m'bwalo, ndipo sauza quarterback, wosewera amene amaponya mpira n'kutsogolera anzake, choti achite. Ntchito yake ndi kulemba ndi kuchotsa makochi a matimu onse a pasukulupo, omwe ku Michigan alipo pafupifupi 30, kuika mitengo ya matikiti, kusainirana mapangano ndi matimu a kunja kwa ligi omwe adzabwere kudzasewera, kusankha kampani ya yunifolomu, kuyang'anira zomangamanga, komanso kupempha ndalama kwa anthu achuma omwe anaphunzira pasukulupo. Madokotala a matimu nawonso ali mu nthambi yake. Bwana wake ndi pulezidenti wa yunivesite, ndipo pamwamba pa pulezidenti pali Board of Regents, anthu 8 omwe amavoteredwa ndi anthu a m'boma lonse la Michigan, aliyense kwa zaka 8.

Ndiye chilichonse chimene sapota akumane nacho kuyambira pa geti mpaka pampando wake n'cha AD: mtengo umene walipira, malo amene amukhazika, nyimbo za pa zokuzira mawu, ngakhale timu imene yabwera tsikulo. Kochi amayankha za zigoli zokha. Ku Michigan zigoli zinavuta, ndi zoona, koma madandaulo a pa geti anali atayamba kale.

Nabanda: APhiri anena zoona, ndipo nkhani ya matikiti a ophunzira ndiyo muzu wake. Mu 2013 ofesi ya Brandon inachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Inakweza tikiti ya wophunzira kuchoka pa madola 32.50 kufika pa madola 40 pa masewero amodzi. Inathetsanso dongosolo lakale la mipando. Kale wophunzira ankapatsidwa mpando wake wodziwika, ndipo akamakwera kalasi ankasendezedwa kufupi ndi bwalo, komanso ankatha kulembetsa limodzi ndi anzake kuti akhale pamodzi. Dongosolo latsopano linati woyamba kufika ndiye asankhe pokhala.

Cholinga chinali chomveka. Ophunzira ambiri ankafika mochedwa, moti masewero akamayamba chigawo chawo chinkaoneka chamipata pa wailesi yakanema. Koma taonani zimene zinachitika. Wa chaka chomaliza, amene wadikira zaka zitatu kuti afike kumunsi, anapezeka kuti akulimbirana malo ndi wongofika kumene. Gulu la anzako 10 silikanatha kukhala pamodzi pokhapokha nonse mutafika nthawi imodzi n'kuima pamzere kwa maola. Amene sakanatha kuima pamzere anaona kuti mpando wabwino palibe, ndiye kufulumira kulibe phindu. Mu 2014 anasinthanso dongosololo, koma anthu anali atataya kale mtima. Matikiti a sizoni a ophunzira anatsika kuchoka pa 21,000 kapena kuyandikira pamenepo mu 2012 kufika pafupifupi 12,000 mu 2014.

Kondwani: Kutsika kotereko pa zaka ziwiri zokha? Koma mwina ndi chifukwa timu inkasewera moipa.

Nabanda: Zimenezo zinathandizira. Hoke anayamba ndi 11-2 mu 2011, kutanthauza kuwina 11 n'kugonja 2, n'kuwina Sugar Bowl, amodzi mwa masewero a bowl omwe amachitika sizoni ikatha, pogonjetsa Virginia Tech. Kenako 8-5, kenako 7-6. Koma matikiti a sizoni amagulidwa sizoni isanayambe, ndiye kugwa kwa 2014 sikunachokere pa kugonja kwa 2014. Onaninso matimu omwe anabwera ku Ann Arbor, kwawo kwa Michigan, chaka chimenecho: Appalachian State, Miami ya ku Ohio, Utah, Minnesota, Penn State, Indiana ndi Maryland. Palibe Ohio State, palibe Michigan State, palibe Notre Dame. Onse atatuwo anali okasewerera kwawo. Munthu akulipira mtengo wokwera, masewero akuluakulu palibe ndi limodzi lomwe.

Mphatso: Pamenepa ndilowerere, chifukwa mukusenzetsa munthu katundu yemwe si wake yense. Ndandanda ya masewero a mu ligi imapangidwa ndi Big Ten, osati AD. Mu 2014 Maryland ndi Rutgers analowa mu ligi, magawo anakonzedwanso, ndipo Michigan inapezeka ikupita ku East Lansing kwa Michigan State ndi ku Columbus kwa Ohio State chaka chimodzi. Brandon sanalembe zimenezo.

Komanso tisaiwale zimene anachita. Masewero oyamba a usiku pa Michigan Stadium anachitika pa 10 Seputembala 2011 ndi Notre Dame, anthu 114,804. Mu 2013 anabwerezanso ndi Notre Dame yomweyo, anthu 115,109. Lacrosse ya amuna ndi ya akazi inakhala matimu enieni a yunivesite mu nthawi yake. Crisler, komwe kumaseweredwa basketball, ndi Yost, komwe kumaseweredwa hockey, zonse zinakonzedwa. Mu Seputembala 2013 Stephen Ross anapereka madola 200 miliyoni ku yunivesite, theka lake ku zamasewero. Inu okonda mpira wamiyendo mukukumbukira Manchester United ndi Real Madrid pa 2 Ogasiti 2014, anthu 109,318? Linali bwalo lomwelo, mu nthawi ya Brandon yemweyo. Ndalama za mpira ndi zimene zimadyetsa matimu osambira, othamanga, a softball, omwe sabweretsa phindu, ndipo lamulo la Title IX la 1972 limafuna kuti atsikana apatsidwe mwayi wofanana ndi anyamata. Ndalamazo ziyenera kuchokera penapake.

aPhiri: A Mphatso, za ligi ndavomera. Koma Appalachian State anaiitana ndi Brandon. Timu imeneyi ndi imene inachititsa manyazi Michigan mu 2007, 34-32, pabwalo lawo lomwe. Kuwina 52-14 mu 2014 sikunafufute kanthu, kunangopangitsa kuti sabata yonse mawailesi azionetsa zithunzi za 2007. Munthu wodziwa mtima wa masapota akanaona zimenezi pangano lisanasainidwe.

Ndipo pamene ligi yakupatsa ndandanda yofooka, chida chili m'manja mwako ndi mtengo. Akanatsitsa. Anatsitsadi, kufika pa madola 175 pa sizoni ya 2015, kutanthauza madola 25 pa masewero, koma chilengezocho chinabwera mu Okutobala 2014, patatsala masiku ochepa kuti achoke.

Chisomo: Musaiwale za Coca-Cola. Sabata ya masewero a Minnesota, pa sitolo ina ya pasukulupo panaikidwa chikwangwani choti ukagula zakumwa ziwiri za Coke upatsidwa matikiti awiri. Matikiti amenewo mtengo wake wolembedwa unali madola 75 iliyonse. Ofesi ya zamasewero inati zinachitika mosalongosoka ndipo inaziimitsa, koma chithunzi chinali chitafalikira kale pa Twitter. Taganizani sapota amene wakhala akulipira tikiti ya sizoni, kuwonjezera pa ndalama ya "chopereka" imene amafunika kupereka chaka ndi chaka kuti asunge mpando wake wabwino, ndiye akuona mpando wa pafupi naye ukupita ndi mabotolo awiri.

Chifukwa chimene ankagawira matikiti motero n'chodziwika. Kuyambira Novembala 1975 masewero alionse a pakhomo anali atakhala akulengezedwa kuti kunali anthu oposa 100,000. Palibe AD amene akufuna kuti mbiri imeneyi ithere m'manja mwake. Chiwerengero cholengezedwa sichiwerenga mitu yokhala pamipando yokha, ndiye tikiti yogawidwa imathandiza ngakhale mwiniwake asabwere. Masapota ankamva 100,000 pa zokuzira mawu kwinaku akuona mizere yopanda anthu m'makona a kumtunda.

Tiyamike: Zonsezi zikanangokhala kung'ung'udza kukanapanda zimene zinachitika pa 27 Seputembala 2014. Ndifotokoze mwatsatanetsatane chifukwa ambiri amangoti "kochi anasiya mwana wovulala m'bwalo", pamene cholakwika chinali cha dongosolo lonse.

Michigan inkasewera ndi Minnesota, ndipo inagonja 30-14. Quarterback anali Shane Morris. Anali atavulala kale mwendo, akutsimphina. M'chigawo chachinayi, atangoponya mpira, wotchinga wa Minnesota anamugunda ndi chisoti cha pachibwano. Oyimbira analanga Minnesota. Morris anadzuka akudzandira, mpaka anatsamira mnzake wa pamzere wakutsogolo kuti asagwe. Aliyense woonera pa wailesi yakanema anaona. Koma anakhalabe m'bwalo n'kusewera kamodzi kena asanatuluke.

Analowa Devin Gardner. Patangopita kanthawi chisoti cha Gardner chinavuka pakati pa sewero, ndipo lamulo la mpira wa m'makoleji limati chisoti chikavuka wosewerayo atuluke kwa sewero limodzi, pokhapokha timu itapempha timeout, kuti masewero aime pang'ono. Panafunika quarterback wina msangamsanga. Morris anabwereranso, n'kupereka mpira kwa wothamanga kamodzi, asanayezedwe m'mutu.

Malo amene zinthu zinaduka ndi awa. A zachipatala a m'mbali mwa bwalo sanaone kugundidwa kwa pachibwano, chifukwa pamene mpira waponyedwa maso onse amatsatira mpirawo, ndipo m'mbali mwa bwalo mumakhala anthu ochuluka okutchingira. Iwo ankaona kudzandirako ngati kwa mwendo. Panalibe wachipatala wokhala pamwamba ndi kanema wobwereza kuti awaimbire kumunsi. Ndipo panalibe njira yoti wachipatala anene kuti uyu asalowe mpaka titamuyeza, kochi aliyense n'kumva nthawi yomweyo. Njira yosavuta imene matimu ambiri amatsata ndi yakuti wachipatala amatenga chisoti cha wosewera amene akumukayikira n'kuchisunga. Wopanda chisoti sangalowe.

Kondwani: Achemwali, komabe apa ndikuona kuti wolakwa ndi Hoke. Iye ndiye anali pamzerepo.

Tiyamike: Hoke ali ndi gawo lake, makamaka posapempha timeout. Koma madokotala sali pansi pa kochi, ndipo sayenera kutero, chifukwa kochi nthawi zonse amafuna wosewera wake m'bwalo. Kukonza kuti ndani akhale pati, ndani ali ndi wailesi yolankhulira, ndani ali ndi mawu omaliza, imeneyo ndi ntchito ya ofesi ya AD.

Kenako panabwera masiku atatu osokonekera. Lolemba Hoke anaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti malinga ndi zimene iye ankadziwa, Morris sanapezeke ndi concussion, kuvulala kwa ubongo kobwera pogundidwa m'mutu. Ndiye usiku womwewo, cha m'ma 1 koloko m'bandakucha wa Lachiwiri, Brandon anatulutsa chikalata chovomereza kuti Morris anapezeka ndi concussion yomwe madokotala anati mwina ndi yaing'ono, kuti anaipeza Lamlungu, komanso kuti panali kusamvana kwakukulu pakati pa makochi ndi achipatala. Ndiye kuti kochi anatumizidwa kwa atolankhani osauzidwa zimene madokotala anapeza dzulo lake. Ndipo chikalata chotulutsidwa anthu ali m'tulo aliyense amachiona ngati chobisa. Madzulo a Lachiwiri lomwelo, pa 30 Seputembala, ophunzira mazanamazana anasonkhana pa Diag, bwalo la pakati pa sukuluyo, n'kuguba mpaka kunyumba ya pulezidenti Mark Schlissel. Chikalata chopempha kuti Brandon achotsedwe chinasainidwa ndi anthu oposa 10,000.

Mphatso: Koma muvomereze kuti chikalata chomwecho cha usiku chinali ndi njira yokonzera vutolo. Michigan inaika wachipatala m'chipinda cha pamwamba, wokhala ndi kanema komanso njira yolankhulira ndi a kumunsi. Kuyambira 2015 Big Ten yonse inaika munthu wodziimira payekha wa ntchito imeneyi pa masewero ake. Sikuti Michigan yokha ndi imene inalibe dongosololi nthawi imeneyo.

Tiyamike: Ndavomera, ndipo kusinthako kunali kwabwino. Vuto ndi nthawi. Chikanatuluka Lamlungu masana, Brandon mwiniwake ataima pamaso pa anthu limodzi ndi dokotala wa timu, ndikukhulupirira kuti ophunzira sakanaguba.

Chisomo: Ine ndikuona kuti akanagubabe, mwina sabata ina, pa chifukwa china. Anthu anali atatopa ndi kachitidwe kake. Brandon anachokera ku Domino's Pizza, komwe anali mkulu wa kampani, ndipo ankalankhula za Michigan ngati katundu wogulitsa. Mu Seputembala 2013 ofesi yake inalipira ndege kuti ilembe "Go Blue", mawu ochemerera Michigan, ndi utsi kumwamba kwa East Lansing tsiku la masewero a Michigan State. Manambala a akatswiri akale omwe anali atapumitsidwa anawabwezeretsa m'bwalo, moti Gardner, quarterback, ankavala 98 ya Tom Harmon. Matikiti a masewero amodziamodzi anayamba kusintha mtengo malinga ndi kuchuluka kwa ogula. Mu Julayi 2014 anapempha kuti aziphulitsa makombola pa masewero ena, ma Regents anakana. Chizindikiro chinali chimenecho: pamene akuluakulu a yunivesite akukana poyera pempho laling'ono chotero la AD wawo, ndiye kuti chikhulupiriro chayamba kale kuchepa.

Chomaliza chinali makalata a imelo. Kumapeto kwa Okutobala tsamba la masapota la MGoBlog linafalitsa makalata omwe masapota anati analandira kuchokera ku adiresi ya Brandon atamulembera madandaulo. Mwa mayankhowo munali louza munthu kuti akapeze timu ina yoti aziikonda chifukwa Michigan ikhala bwino popanda iye, ndi lina louza munthu kuti asiye kumwa akagone. Sabata yomweyo isanathe anali atachoka.

aPhiri: Apa ndi pamene pali phunziro la ntchitoyi. Wogula pitsa ukamunyoza amapita kukagula kwina, nkhani yatha. Sapota wa yunivesite sapita kwina. Anaphunzira pomwepo, ana ake akuphunzira pomwepo, mpando wake pabwalo mwina unali wa bambo ake. Ukamuuza kuti apeze timu ina, iye sachoka, amatsala n'kumalembera ma Regents, amene amafunanso voti yake. Ndipo chopweteka kwa ambiri n'chakuti Brandon sanali mlendo. Anasewera pansi pa Bo Schembechler, kochi wotchuka wa Michigan, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo iyenso anakhalapo Regent zaka 8. Anthu ankati uyu ndi mwana wapakhomo, akudziwa.

Nabanda: Tikambeko za kachokedwe kake, poti Kondwani anafunsa chifukwa chake AD anatsogola kochi n'kutsala. Dongosolo limeneli linali loganiziridwa bwino, ndipo mayunivesite ambiri amalisokoneza.

Ukachotsa kochi AD wokanidwayo akadalipo, ndiye kuti AD yemweyo ndi amene asankhe kochi watsopano. Kochi wodziwika savomera ntchito pamene sakudziwa ngati bwana womulembayo adzakhalapo chaka chamawa, chifukwa AD watsopano amakonda kubwera ndi munthu wake. Ukachotsa onse awiri tsiku limodzi pakati pa sizoni, osewera ndi achinyamata omwe analonjeza kubwera amasowa wolankhula naye. Ndiye Schlissel, amene anali atangoyamba ntchito mu Julayi 2014 kuchokera ku yunivesite ya Brown, anayamba ndi AD. Tsiku lomwelo analengeza Jim Hackett ngati wogwirizira. Hackett anali atangopuma pa udindo wa mkulu wa kampani ya mipando ya Steelcase, nayenso anasewerapo pansi pa Schembechler.

Zimenezi zinapatsa Hackett mwezi wa Novembala wonse woti aone timu ndi maso ake. Timuyo inawina Indiana 34-10 mawa lake, inawina Northwestern 10-9, inagonja kwa Maryland ndi Ohio State, n'kumaliza 5-7, osakwanitsa kuwina masewero 6 ofunika kuti timu ipite ku bowl. Pa 2 Disembala Hoke anachotsedwa, atawina 31 n'kugonja 20 pa zaka zinayi. Palibe amene akanati waponderezedwa.

Kondwani: Ndalama zake zinayenda bwanji? Munthu akatula pansi udindo yekha amalipidwanso?

Nabanda: Pa maudindo amenewa mawu oti "watula pansi" nthawi zambiri amatanthauza kuti agwirizana. Kontirakiti ya Brandon inali yofika 2018. Kontirakiti zoterezi zimakhala ndi zigawo ziwiri: kuchotsedwa pa mlandu, monga kuphwanya malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite, kapena kuba, pomwe sulandira kanthu, ndi kuchotsedwa popanda mlandu, pomwe yunivesite imalipira. Kusakondedwa ndi masapota si mlandu. Ndiye maloya amakhala pansi n'kugwirizana chiwerengero, ndipo cha Brandon chinali madola 3 miliyoni olipidwa pang'onopang'ono. Hoke nayenso anali ndi madola 3 miliyoni. Onjezerani othandizira kochi omwe makontirakiti awo sanathe, onjezerani malipiro a kochi watsopano. AD wogwirizira asanagwire foni kuimbira aliyense, ayenera kudziwa kaye kuti ndalama zonsezi zichokera kuti, ndipo nthawi zambiri amayamba wayendera opereka ndalama akuluakulu awiri kapena atatu.

Mphatso: Ndipo ndalama zolipirira zonsezo zinalipo chifukwa cha ndani? Nkhokwe imene Hackett anapeza inali yodzaza. Masapota anakondwera ndi kochi watsopano Jim Harbaugh wa madola pafupifupi 5 miliyoni pachaka, koma sanafunse kuti ndalamazo anasonkhanitsa ndani.

aPhiri: Mbali ina ndi zoona. Koma zipinda zodula za pa sitediyamu, zomwe zimalowetsa ndalama zambiri, zinamangidwa ndi Bill Martin, yemwe analipo Brandon asanabwere, ndipo ntchitoyo inatha mu 2010. Ndalama za wailesi yakanema zimachokera ku Big Ten, AD aliyense akanazilandira. John Beilein, amene anafikitsa basketball mu fainolo ya 2013, analembedwanso ndi Martin mu 2007. Chisankho chachikulu chimene chinali cha Brandon yekha ndi cha Januwale 2011: anachotsa Rich Rodriguez pambuyo pa bowl, mochedwa, n'kutenga Hoke ku San Diego State. Masiku omwewo Jim Harbaugh anachoka ku Stanford kupita ku San Francisco 49ers, timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa. Masapota ambiri sanaiwale zimenezo.

Chisomo: Chimene Hackett anachita bwino ndi kudikira. Kuyambira pa 2 mpaka pa 30 Disembala Michigan inalibe kochi. Masiku 28 ndi ambiri pa nthawi yolemba osewera atsopano, chifukwa tsiku losainira linali pa 4 Febuluwale 2015 ndipo masukulu ena ankaimbira achinyamata omwe analonjeza ku Michigan. Makochi ena abwino ankatengedwa. Koma Harbaugh sakanatha kuchoka sizoni ya NFL isanathe. 49ers inamaliza 8-8 pa 28 Disembala, anasiyana tsiku lomwelo, ndipo pa 30 anamuonetsa ku Ann Arbor. Akanakana, Hackett akanatsala manja lende mu Januwale. Wogwirizira yemwe sakufunafuna kuti udindowo ukhale wake amatha kulimba mtima chotero. Wofuna kusangalatsa anthu kuti amukhazike akanathamangira dzina loyamba lovomera.

Zina zimene anachita n'zazing'ono koma masapota anaziona. Manambala a akatswiri aja anawapumitsanso mu 2015. Anasiya Adidas n'kusainirana ndi Nike, timu ya mpira n'kuyamba kuvala za Jordan mu 2016. Kenako anapereka mpando kwa Warde Manuel kumayambiriro kwa 2016.

Mphatso: Komabe ndikuti chimene chinatonthoza masapota ndi 10-3 ya 2015, osati manambala a pa malaya. Hoke akanawina masewero 10 mu 2014, Brandon akanakhalapo, makalata a imelo aja anthu akanangowaseka.

Tiyamike: Za imelo mwina. Za Morris ayi. Makolo a achinyamata omwe sukulu ikuwafuna amaonera masewero, ndipo makochi a masukulu opikisana nawo amawakumbutsa zimene anaona. Pulezidenti yemwe ndi dokotala, monga analili Schlissel, sakanaiona ngati nkhani ya zigoli.

aPhiri: A Mphatso, kuwina kumaphimba zambiri, sindikutsutsa. Koma timu iliyonse imakhala ndi chaka choipa, ndipo AD amayezedwa pa chaka chimenecho. Amene wakhala akumvera anthu, chaka choipa chikafika amapeza omuikira kumbuyo pakati pa ophunzira, osewera akale ndi ma Regents. Mu Okutobala 2014 oima poyera kumbali ya Brandon anali ochepa, ndipo ophunzira, omwe ndi amene amachemerera kwambiri pabwalo, anali atawatsukuluza yekha chaka chapitacho.

Kondwani: Zikomo akuluakulu, tsopano ndamva. Funso lomaliza: zoterezi zitachitika lero, dongosolo la Schlissel lija lingagwirebe ntchito?

Nabanda: Kuyamba ndi AD kungagwirebe, koma kudikira kwa masiku 28 kungakhale kodula kwambiri. Kuyambira 2017 pali nthawi yosainira ya mu Disembala, ndipo achinyamata ambiri amasaina pamenepo, osadikira Febuluwale. Kuyambira 2018 pali transfer portal, momwe osewera ofuna kusamukira ku sukulu ina amalembetsa, ndipo kochi wamkulu akachoka osewera amapatsidwa masiku apadera olembetsa kuti asamuke. AD akachoka lamulo limenelo siligwira ntchito, ndiye kuchotsa AD poyamba sikutsegula khomo loti osewera atuluke, pamene kuchotsa kochi kumatsegula. Ichi ndi chifukwa china chotsatira ndondomeko ya AD kaye, kochi pambuyo.

Komanso AD wa lero ali ndi katundu amene Brandon analibe. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina lawo, ndipo kuchokera pa chigamulo cha mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA, mu Juni 2025, sukulu ikhoza kulipira osewera ake mwachindunji mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Amene amagawa ndalamazo pakati pa mpira, basketball ndi matimu enawo ndi AD. Wogwirizira wolowa pa 31 Okutobala lero angapeze makontirakiti a osewera ofunika kukambirana mu Disembala, asanapeze n'komwe kochi.

Chisomo: Ndipo ndalama zimenezo masukulu ena ayamba kale kuzitenga pa matikiti. Tennessee inalengeza mu 2024 kuti iwonjezera 10 peresenti pa tikiti ya mpira ya 2025 yoti ipite kwa osewera, ndipo AD wawo Danny White anafotokoza yekha pa kanema wopita kwa ogula matikiti kuti ndalamayo ikupita kuti. Mtengo unakwera kumenekonso, koma anthu anauzidwa chifukwa chake asanalandire invoisi, ndipo timu inali ikuwina. A Mphatso adzati chachiwiricho ndiye chenicheni.

Mphatso: Ndi chimenecho, achemwali. Tidzaone chaka chimene Tennessee idzamalize 5-7 ngati 10 peresentiyo anthu adzailipire mwakachetechete.